Mkonono Umene Si Tulo

 Nkhani yathu lero ndi ya usiku, ndipo ndiyambira pa chinthu chimene ambiri a inu munachionapo ndi maso anu. Ndi Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, anthu alandira, bala yadzaza mpaka panja. Pafupi ndi mbaula ya michopo mnyamata wina wakhala pa kireti, mutu uli pachifuwa, dovu likutsikira pa shati. Anzake akumugwedeza, iye zii. Wina akuseka n'kumujambula pa foni, wina akuti, "Wakhuta uyu, musiyeni agone mowa utsike." Awiri akumunyamula, wina kumiyendo wina m'khwapa, n'kukamugoneka chagada kuseri kwa kantemba kapena m'kachipinda ka mnzawo, akukoka chitseko, akubwerera kukavina. Pakati pa usiku mmodzi akukasuzumira, akumva mkonono waukulu, mtima wake ukukhala pansi, poti woliza mkonono ndiye kuti ali m'tulo. Kukucha, thupi lazizira. Pamaliro mudzamva kuti anangogona osadzukanso. Ena adzanong'ona za poizoni, ena za ufiti, koma palibe adzatchule maola aja pamene mnyamatayo anali akadali moyo, akulimbana ndi mpweya, anthu omukonda akuvina kuseri kwa khoma.

Maola amenewo ndiwo mutu wa nkhani yanga. Imfa ya mowa ndi mankhwala ogonetsa kawirikawiri sigwa ngati mphezi. Imabwera mokwawa, ndipo amene ali ndi mpata woitsekereza si dokotala wa pa chipatala cha UTH kapena wantchito wa DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, chifukwa iwo pa nthawiyo ali kutali. Ndi mnzake womwa naye, mayi wogulitsa mowa, bawunsa wa pachitseko, woyendetsa takisi, mlongo wake amene wamutsegulira chitseko. Choncho ndikunena kuti anthu amenewa, pamodzi ndi omwawo ndi osutawo, tiyenera kuwaphunzitsa poyera njira zopulumutsirana, osayamba tawalumbiritsa kuti asiya. Azaumoyo amakutcha kuchepetsa ngozi, pa Chingerezi harm reduction. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mutu. Zodandaula zanu ndizitenga chimodzichimodzi, ndipo sindizipeputsa, koma tiyambe taona chimene chimachitika m'thupi la munthu uja wa pa kireti.

Munthu sapuma chifukwa wakumbukira kupuma. Pansi pa ubongo, cha kunkhongo, pali kachigawo kamene kamalamula mapapo usana ndi usiku. Mowa umagonetsa ubongo kuyambira pamwamba: poyamba manyazi amachoka, kenako lilime limalemera, kenako miyendo, ndipo ukapitirira umafika pa kachigawo kopumitsa kaja. Chiwindi sichithamangitsidwa. Pa ola limodzi chimangotha kusefa mowa wochepera kapena wofanana ndi botolo limodzi laling'ono la Mosi, ngakhale mutam'mwetsa munthu khofi, kumuthira madzi ozizira kapena kumuyendetsa mtunda. Ndiye taganizani za munthu amene wagugudiza kabotolo ka junta kapena theka la botolo la kachasu mwampikisano. Pamene akugwa, mowa wina ukadali m'mimba, sunalowe m'magazi. Kugona kwake sikuuimitsa. Ukupitirira kulowa, ndipo munthu amene munamugoneka akuyankha pang'ono angathe kukhala atakomokeratu pakatha ola. Akagona chagada, lilime limagwera kukhosi n'kutseka njira ya mpweya, ndipo phokoso limene mumalitcha mkonono nthawi zina ndi mpweya ukudzipanikiza pa kampata kotsala. Akasanza ali chagada, masanzi amabwerera m'mapapo chifukwa mphamvu yotsokomola yafooka. Onjezani njala, pakuti mowa wa pamimba yopanda kanthu umagwetsa shuga m'magazi, ndiponso chisanu cha mu June ndi July pa simenti ya pakhonde.

Chimene chaipitsa zinthu m'zaka zino n'chakuti mowa sukuyendanso wokha. Achinyamata ambiri akumwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, ena amawathira mu chakumwa chozizira kuti aoneke ngati akumwa zotsekemera. Codeine akafika m'chiwindi, gawo lake limasanduka morphine, m'bale wake wa heroin uja amene m'misewu ya Lusaka amatchedwa volo. Pali mapiritsi ogonetsa monga diazepam, palinso tramadol, amene kuwonjezera pa kufooketsa mpweya amatha kugwetsa munthu ngati wakhunyu. Chilichonse mwa izi chimakanikiza kachigawo komwe kaja kamene mowa ukukanikiza kale. Munthu amene amatha botolo la mankhwala a chifuwa osagwa, ndipo amatha mabotolo anayi a mowa osagwa, angafe atamwa zonse ziwiri usiku umodzi. Mapiritsi ogulidwa pakona alibe dzina lodalirika, ndipo volo wa lero sangafanane mphamvu ndi wa dzulo chifukwa aliyense amene wadutsa m'manja mwake wasakanizamo zake. Uthenga woyamba wopulumutsa moyo ndi wosavuta: amene wasankha kumwa asasakanize, ndipo asabisale yekha m'chimbudzi atakhoma chitseko. Uthenga umenewu sungaperekedwe ndi munthu amene pakamwa pake pamangotuluka mawu akuti "siyani", chifukwa womvera wake anatseka kale makutu.

Tsono mukamupeza munthu wagwa, muchite chiyani? Muitaneni dzina mokweza, mugwedezeni mapewa, mutsineni mwamphamvu pa phewa. Woledzera wamba amadandaula, amakukankhani, mwina amakutukwanani, ndipo kutukwana kumeneko ndi nkhani yabwino. Amene sakuyankha konse sali m'tulo, wakomoka. Yatsani tochi ya pa foni, muyang'ane chifuwa chake kwa mphindi yathunthu mukuwerenga. Ngati akupuma kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi, kapena akumaima kwa masekondi khumi asanakokenso mpweya, moyo wake uli pangozi. Pa khungu lathu lakuda kusowa kwa mpweya kumaonekera mkati mwa milomo, m'nkhama ndi pa zikhadabo, zimene zimatuwa ngati phulusa. Tsegulani chikope: kadontho kakuda ka pakati pa diso kakachepa ngati nsonga ya singano, ganizirani codeine kapena volo. Mugonekeni cham'mbali, mwendo wa pamwamba mutaupinda pa bondo kuti asagubuduzike, dzanja lake lili pansi pa tsaya, chibwano mutachikweza pang'ono, kamwa litaloza pansi kuti masanzi azitulukira kunja. Mufunditseni. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere, musamupise chala kukhosi, pakuti munthu wokomoka sameza bwino ndipo zonsezo zimathera m'mapapo. Kenako mutengereni kuchipatala ali chigonere cham'mbali chomwecho. Zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama zimalandira odwala usiku wonse. A ku George, Matero ili pafupi. A ku Kalingalinga ndi Mtendere, chipatala cha Levy Mwanawasa sichili patali. Ngati galimoto singalowe m'kanjira kanu chifukwa cha matope, Zamcab ya wilibala imufikitse kumsewu. Ngati wasiyiratu kupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, mukanikize pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, kopitirira 100 pa mphindi, wina akuthamangira galimoto. Ndipo mukafika, nenani zoona. Tengani botolo kapena kapepala ka mapiritsi mukaonetse anamwino. Alipo mankhwala otchedwa naloxone amene amadzutsa munthu wokomoka ndi codeine kapena heroin m'mphindi ziwiri kapena zitatu, koma namwino amene mwamuuza kuti "wangodwala malungo" ayamba wafufuza malungo.

Pali ngozi ina imene simaonekera usiku womwewo. Mowa wophikidwa mobisa, makamaka umene wina wauwonjezera mphamvu ndi sipiriti wa m'mafakitale, umatha kukhala ndi methanol. Womwa amaledzera monga mwa masiku onse, amapita kunyumba, ndipo pakatha maola 12 mpaka 24 mutu umayamba kuwawa, m'mimba mumapota, akusanza, akupuma mofulumira, maso akuchita chifunga ngati akuyang'ana m'utsi. Banja limati ndi matsire, limamuphikira phala. Komatu matsire sachititsa khungu. Woledzera dzulo akanena kuti sakuona bwino, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo onse amene anamwa naye m'chigubu chimodzi apite ngakhale akumva bwino. Ku Kabale m'dziko la Uganda anthu pafupifupi 80 anafa mu 2010 ndi waragi wothiridwa methanol. Ku Blantyre mu 2024 anthu angapo anamwalira atamwa mowa umene omwawo anali ataupatsa kale dzina loti ambuye n'tengeni. Dzina lokhalo likukuuzani kuti anthu sankamwa chifukwa chosadziwa kuti ndi woopsa. Kuwaopseza kunalibenso ntchito. Chimene chikanawathandiza ndi kudziwa chizindikiro choti nthawi yothamangira kuchipatala yakwana.

Tsopano nditenge chodandaula choyamba, chimene ndimachimva kwa makolo ndi kwa atsogoleri a mipingo: kodi kuphunzitsa mwana kamwedwe kosafa nako si kumuuza kuti azimwa? Dziko lino linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu December 1991, ndipo ambiri amaona kuti mawu oyenera kutuluka pa wailesi ndi oletsa basi. Funsoli ndi loona mtima, koma Zambia inaliyankhapo kale, ndipo inaliyankha ndi maliro. Mu 1987 Kenneth Kaunda ali pampando ananena poyera kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi Edzi, pa nthawi imene mabanja ankabisa matendawa. Zaka zotsatira tinakangana kwambiri za kondomu, mpaka kumayambiriro kwa 2001 malonda a makondomu anachotsedwa pa wailesi ndi TV ya boma atsogoleri ena a mipingo atadandaula kuti akulimbikitsa chiwerewere. Mfundo inali yomweyi imene tikuimva lero. Koma anthu sanayambe kugonana chifukwa anaona paketi ya Maximum pa kantemba, ndipo amene anadziteteza ndi amene ali moyo lero, ena ndi madikoni ndi amayi a chigwirizano m'mipingo yomweyo. Mlaliki amene akufuna kuti mnyamata wa pa kireti uja adzalape ayenera kufunitsitsa kuposa wina aliyense kuti mnyamatayo adzuke Loweruka m'mawa, poti kumanda kulibe guwa. Ndionjeze kuti mwana amene sanalawepo mowa sakopeka pomva za masanzi olowa m'mapapo ndi milomo yotuwa. Chimene chimamukopa ndi kanema wa pa foni wa anzake akuseka ndi mabotolo m'manja.

Chodandaula chachiwiri n'cha lamulo. Chamba, heroin ndi mapiritsi opanda chilolezo cha dokotala n'zoletsedwa, ndipo ine sindikukuuzani kuti n'zololedwa. Ngakhale lamulo la 2021 lokhudza chamba limangolola kulima kwa amene ali ndi laisensi, kwa mankhwala ndi kafukufuku. Ndudu ya chamba m'thumba ikadali mlandu. Koma tiyeni tione zimene kuletsa kokha kwatichitira. Mu April 2012 Professor Nkandu Luo, ali nduna yoona za maboma ang'ono, analetsa tujilijili. Ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa timasacheti tija tinkakwana m'thumba la yunifolomu ya sukulu ndipo mtengo wake unali wa masiwiti. Koma ludzu silinathe, mowa womwewo unasamukira m'timabotolo. DEC yakhala ilipo kuyambira 1989. Mu 2014 apolisi ambirimbiri analowa m'Chibolya, mumsewu uja wotchedwa Gaza, n'kugwira anthu ochuluka, ndipo akhala akubwererako kangapo chiyambire. Kubwererako kumeneko ndiko umboni wanga. Ogulitsa azigwidwa, makamaka akuluakulu amene sagona m'komboni, ndi ma pharmacy amene amagulitsa mankhwala a chifuwa m'makatoni, amene bungwe loona za mankhwala la ZAMRA liyenera kuwalanda malaisensi. Koma mantha a ndende ali ndi mtengo wake umene suwerengedwa. Anyamata atatu amene amasuta limodzi, mmodzi akakomoka, awiriwo amayamba aganiza za selo asanaganize za chipatala. Ndiwo amene amamukokera m'ngalande n'kuthawa, kapena kumutula pageti la kiliniki osanena chimene wamwa. Lamulo la mankhwala osokoneza bongo la 2021, limene linalowa m'malo mwa la 1993, limatchula za kuteteza, kuchiza ndi kubwezeretsa anthu ogwidwa ndi chizolowezi, ndipo DEC yomweyo ili ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu. Chimene chikusowa ndi mawu omveka bwino ochokera kwa akuluakulu a polisi ndi a zaumoyo, obwerezedwa mpaka ngwangwazi aliyense wa pa siteshoni atawadziwa, akuti wobweretsa mnzake wokomoka kuchipatala afunsidwa funso limodzi lokha, loti wodwalayo wamwa chiyani.

Chodandaula chachitatu ndicho cholemera, ndipo sindikufuna kuchilumpha. Mayi wa ku Matero amene anamulanda foni ndi ndalama za malonda akupita kumsika wa Soweto m'bandakucha, bambo wa ku Kanyama amene anamutema ndi chikwanje pobwera kuntchito, akamva ine ndikunena zopulumutsa ma junkies, ali ndi chifukwa chokwiyira. Adzati, "Nanga ife otipulumutsa ndani?" Wakuba ndi womenya anthu ayankhe mlandu wake kukhoti, pamenepo sindikutsutsa. Koma funsani kuti n'chiyani chimamudzutsa mnyamata wa volo 4 koloko m'mawa. Heroin akatha m'thupi, pakangopita maola ochepa munthu amayamba kutuluka thukuta, mafupa amaphwanya, m'mimba mumatsegula, amanjenjemera ngati wa malungo aakulu, ndipo amadziwa kuti kapepala kamodzi kathetsa zonsezo. Foni ya mayi uja ndi mtengo wa kapepala kameneko. Mayiko anzathu a mu Africa anayesa njira ina. Mauritius inayamba kupereka methadone mu 2006, Tanzania inatsegula kiliniki yake pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, Kenya inayamba pa Mathari ku Nairobi mu 2014. Methadone ndi mankhwala akumwa kamodzi patsiku pamaso pa namwino, amene amaletsa kuphwanya kuja kwa tsiku lonse, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2005. Inde, ndi m'bale wa heroin, ndipo otsutsa amati n'kusinthanitsa unyolo ndi unyolo. Koma munthu amene wamwa mankhwala ake m'mawa angathe kukagwira ganyu, safunikira kuba kuti thupi likhale pansi, ndipo sabayana jekeseni imodzi ndi anzake, imene imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Mayi wa ku Matero uja ndiye woyamba kupindula. Mayiko amene ndatchulawa si a ku Ulaya kuti tinene kuti n'zachizungu. Ndi anzathu a mavuto onga athu.

Apa pali chinthu chimodzi chimene banja lililonse lokhala ndi mwana wa volo kapena wa codeine liyenera kudziwa, chifukwa chimasemphana ndi nzeru wamba. Nthawi yoopsa kwambiri si pamene akusuta tsiku ndi tsiku. Ndi pamene wangotuluka kundende, kuchipatala kapena kumudzi kumene munamutumiza kuti akasiye. Thupi limaiwala msanga mlingo umene linazolowera. Akabwerera n'kutenga muyezo wake wakale, umene kale unkangomukhazika mtima pansi, tsopano umaimitsa mpweya. Masabata awiri oyamba atatuluka ndiwo amatenga ambiri. N'chifukwa chake WHO kuyambira 2014 imalangiza kuti naloxone azikhala m'manja mwa anthu amene angathe kuona wina akukomoka, achibale ndi anzake, osati m'kabati ya chipatala mokha. Naloxone saledzeretsa, sagulitsika pakona chifukwa palibe chokoma chimene munthu amamva naye, ndipo ukam'baya munthu amene sanamwe za mtundu wa heroin sizimupweteka. Malire ake ndi awiri: sagwira pa mowa kapena diazepam, ndipo mphamvu yake imatha kutha pasanathe ola limodzi ndi theka, choncho wodzutsidwayo apitebe kuchipatala. Unduna wa Zaumoyo umene unakwanitsa kufikitsa ma ARV ndi makondomu m'kiliniki ya komboni iliyonse sungalephere kufikitsa kabotolo kameneka.

Kwa atsikana ndi amayi usiku uli ndi msampha wina. Mapiritsi ogonetsa omwe aja amatha kuphwanyidwa n'kuthiridwa m'chakumwa cha munthu amene sakudziwa. Mtsikana amene wamwa botolo limodzi kapena awiri koma mwadzidzidzi miyendo yalobodoka, lilime lalemera, sakudziwa kumene ali, musafulumire kunena kuti ndi wofooka pa mowa. Ndipo mwamuna akatulukira n'kunena kuti, "Ndi wanga uyu, ndimuperekeza," bawunsa ndi anzake a mtsikanayo ali ndi ufulu wonse wokana. Amene munabwera limodzi muzibwerera limodzi, botolo lizitsegulidwa mukuona, ndipo mukapita kukavina muzipita nalo. Izi sindikunena kuti mlandu ukhale wa mtsikana. Munthu wokomoka sangavomere chilichonse, ndipo kugona naye ndi kugwiririra, kaya anamwa mwa kufuna kwake kapena ayi. Zikachitika, koloko imayamba kuwerenga. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba yangozi amagwira bwino akamwedwa msanga. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti anthu 11 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'Zambia ali ndi HIV, ndiye kudikira mpaka Lolemba chifukwa cha manyazi n'kutaya masiku awiri mwa atatu amene muli nawo. Pitani kukiliniki musanasambe ngati n'kotheka, Victim Support Unit ili pa polisi, ndipo nambala ya 933 ndi yaulere, ya ana ndi 116. Kwa inu amene muli kale pa ma ARV, musadumphe piritsi chifukwa choti mwamwa mowa. Kudumphako ndiko kumapatsa kachilombo mpata.

Eni mabala, mawu awa ndi anu. Lamulo la malaisensi a mowa la 2011 limaletsa kugulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo aliyense amadziwa mmene lamuloli limatsinzinidwira m'makomboni. Pa 26 June 2022, achinyamata 21 anafera mu bala ya Enyobeni ku East London m'dziko la South Africa, wamng'ono kwambiri wa zaka 13. Anthu akhala akutsutsana za chimene chinawapha, koma palibe amatsutsa kuti malowo anali atadzaza mopyola muyeso ndiponso kuti munali ana. Taonani mabala athu ambiri: chitseko chimodzi, mawindo a mabaglabazi, jenereta ikulira pakona yotsekeka magetsi akazima, utsi wake wokhala ndi mpweya wakupha wosanunkha ukulowa momwe muli anthu. Zimene ndikupempha sizidya phindu. Chitseko chakumbuyo chisakhomedwe ndi loko anthu ali mkati. Jenereta ikhale panja. Madzi akumwa aukhondo, othira klorini, akhale aulere, makamaka ku Kanyama ndi madera ena amene kolera anavuta mu 2017 mpaka 2018 ndiponso mu 2024. Amene walephera kuimirira asagulitsidwenso botolo lina. Ndipo bawunsa asiye chizolowezi chonyamula wokomoka n'kukamutaya panja kuti asaipitse malo, chifukwa panja pali ngalande zodzaza madzi a mvula momwe woledzera angamire m'madzi ofika m'bondo, pali magalimoto, pali olanda. Khonsolo ya Lusaka ikanati popereka laisensi iziyamba yaona kuti wantchito mmodzi pa bala iliyonse amadziwa kugoneka munthu cham'mbali ndi kuwerenga mpweya, phunziro lake silikanatenga ngakhale theka la tsiku. Za woyendetsa galimoto ataledzera sinditaya nthawi. Bungwe loona za pamsewu la RTSA lanena mokwanira, ndipo mtengo wa takisi sufika pa mtengo wa bokosi.

Ndivomere malire a mfundo yanga. Palibe kamwedwe ka junta kapena kasutidwe ka volo kamene kali kotetezeka kotheratu. Chiwindi chimauma mwakachetechete, chamba champhamvu chimasokoneza mutu wa achinyamata ena, makamaka oyamba ali aang'ono, ndipo ndalama ya ndiwo imathera pa kauntala. Kusiya ndiko kwabwino koposa, ndipo thandizo lilipo pa chipatala cha Chainama Hills, m'makiliniki ndi kwa aphungu. Koma ngakhale kusiyako kuli ndi kachitidwe kake. Munthu amene wamwa mowa waukali tsiku lililonse kwa zaka, amene manja amanjenjemera m'mawa mpaka atalawa, akasiya mwadzidzidzi amatha kugwa khunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu kuyamba kuona zinthu zoti palibe, kubwebweta ndi kutentha thupi. Zimenezi zimapha. N'chimodzimodzi ndi wozolowera diazepam. Mabanja ena amamutsekera m'chipinda kapena kumumanga kuti amupempherere, poganiza kuti ziwanda zikutuluka. Pempherani ndithu, koma muchite zimenezo ali pa bedi la chipatala pamene anamwino angamutsitse pang'onopang'ono.

Inu amayi ndi abambo amene mwana wanu amagogoda 2 koloko usiku akudzandira, ndikudziwa kuti mwatopa, ndipo ena munalumbira kuti simudzamutseguliranso. Mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo nkhani ya khalidwe lake mudzaikamba, mwina mokalipa, dzuwa likatuluka iye atatsitsimuka, pamene mawu anu angalowe. Usiku uno mutsegulireni. Musamukankhire kuchipinda chake n'kutseka. Muyalireni mphasa pabalaza pamene mungamumve, mugonekeni cham'mbali, muike pilo kapena thumba la zovala kumsana kwake kuti asatembenukire chagada, beseni pafupi ndi kamwa, bulangete pamwamba, mbaula ya makala mutulutse panja. Mufunseni ali chiyankhire kuti wamwa chiyani ndipo wasakaniza ndi chiyani, mopanda kukalipa kuti anene zoona. Pakatha theka la ola dzukani mukamugwedeze, ndipo muzitero mpaka atayamba kuyankha bwino. Akang'ung'udza n'kukankha dzanja lanu, bwererani mukagoneko pang'ono. Akapanda kuyankha, ndipo mkonono wasintha n'kumamveka ngati madzi akuwira kukhosi, dzutsani aneba amene ali ndi galimoto nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.